Utsi wa kwa Mayi Nangozo

Mlandu uwu unazengedwa m'chaka cha 2069, m'holo ya mpingo wa ku Kachiwaya, pamaso pa Bambo Filimoni Kamtsitsi, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, amenenso anali wapampando wa komiti yomva madandaulo. Woimbidwa mlandu anali Mayi Dorika Nangozo, mkazi wa Bambo Yosamu Chikhadwe. Wowaneneza sanali munthu ayi. Kanali Kanunkhiza.

Kanunkhiza kanali kamakina kouluka, kukula kwake ngati khwangwala, kopanda maso koma kokhala ndi mphuno. Kanatumizidwa m'midzi kudzathetsa chinyengo pa chithandizo cha osauka. Kale anthu ankalembetsa akufa, ena ankathawitsira mbuzi kwa achibale akamva kuti alembi akubwera. Tsono akatswiri anati munthu anganame ndi pakamwa, koma mphika wake sunama. Nthawi yophika ikakwana, Kanunkhiza kankazungulira pamwamba pa makhitchini n'kumakoka utsi ndi nthunzi. Kankasiyanitsa nkhwani wosathira mafuta ndi nyama yokazinga. Khomo likanunkha umphawi, dzanja la mwini wake linkatsegula Nkhokwe ya Onse, chinyumba chachitsulo cha pamsika chimene chinkatulutsa ufa, nyemba ndi mankhwala. Khomo likanunkhira, nkhokweyo inkakana dzanja.

Bambo Kamtsitsi anakalandira kamakinaka ndi manja awiri. Iwo anakulira ku mishoni kumene belu likalira munthu sankafunsa chifukwa, ndipo ankadana ndi bodza kuposa matenda. Ankakonda kunena kuti tsopano kwabwera mboni yopanda mlamu, yopanda msuweni, yosadya chiphuphu.

Tsiku la mlandu, Kanunkhiza kanatera patebulo pafupi ndi chipewa chawo. Mayi Nangozo anakhala pansi ngakhale mipando inalipo. Bambo Kamtsitsi anaona kuti mikono ya mayiyo inali yowonda ngati misinde, koma anachotsapo maso. Woweruza sayang'ana mikono.

"Mayi, mukudziwa chimene mwaitanidwira?"

"Nkhokwe inandikana, bambo. Ndinayesa dzanja lamanja, ndinayesa lamanzere. Mankhwala a bambo akunyumba atha." Amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, osayenda, osalankhula bwino.

Kanunkhiza kanalankhula ndi mawu osalala, osakwera osatsika. "Pakhomo pa mayi awa pamaphikidwa nyama kawirikawiri. Analandira chithandizo mwachinyengo."

M'holo munadzaza manong'onong'o. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ife tikuterereka ndi therere, anzathu akutokosa m'mano!" Anthu anaseka. Pampando wakutsogolo panali Bambo Aroni Chikhadwe, mng'ono wake wa wodwalayo, atavala malaya azigamba. Mphekesera zinkati ali ndi khola la mbuzi kutali, koma lamulo latsopano silinkamvera mphekesera. Linkamvera mphuno basi, ndipo naye ankalandira ku nkhokwe. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Alamu, mwatiyalutsa," iye anatero. "Banja lathu silinakhalepo ndi mbiri yotere."

Bambo Kamtsitsi anamenya tebulo, holo inakhala chete.

"Mayi, makinawa akunama?"

"Sakunama, bambo. Kuphika ndinkaphikadi."

"Nyamayo inkachokera kuti?"

Mayi Nangozo anayang'ana pansi, namakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale.

"Munkadya?"

"Msuzi, bambo. Ndi zipalapasiro. Msuziwo ndinkamwetsa odwala, poti zolimba sameza."

Wapampandoyo sanakonde yankho lokhota. Anatembenukira kwa Kanunkhiza. "Tiuze umboni womaliza, mwatsatanetsatane."

"Lamulungu lapitali, masana. Tambala wachikuda, wowambidwa kaye pa makala a zitsononkho za chimanga, kenako wophikidwa ndi masamba a mandimu ndi tsabola wa kambuzi."

Tambala ameneyo Bambo Kamtsitsi ankamudziwa. Lamulungu lomwelo, atatuluka m'tchalitchi, anakacheza kwa Aroni monga mkulu wa mpingo, ndipo anawaikira nkhuku, akuti inali mphatso ya wachibale wodutsa. Fungo la mandimu ndi kautsi ka zitsononkho linawakhalira m'kamwa mpaka madzulo. Anayamikira, nafunsa mayi a pakhomopo chinsinsi cha kaphikidwe kake. Mayiwo anangoseka, osayankha, ndipo Bambo Kamtsitsi anayesa kuti ndi manyazi.

"Kanunkhiza," anatero pang'onopang'ono, "tsiku lomwelo kwa Bambo Aroni Chikhadwe kunaphikidwa chiyani?"

"Therere losathira matimati."

"Aroni, imirirani. Tambala amene ndinadya kwanu uja anapsera pa moto wa yani?"

Munthuyo anaimirira, nayamba waseka kaye. "Aphunzitsi, mlamu kuphikira mlamu wake kwasanduka mlandu liti? Chiyambire makolo, mkazi wapachitengwa sakana mphika wa kuchimuna. Ine ndimangowapatsa ulemu poti amaphika bwino."

"Ulemu wanu unkathera pa zipalapasiro?"

Panalibe woseka. Mayi Nangozo anadzutsa mutu koyamba.

"Ndili pachitengwa, bambo. Munda ndi wawo, nyumba ili pamalo awo. Ankabweretsa nyama m'thumba la chimanga, ine ndiphike, ikazizira pang'ono ndikapereke yovindikira. Ndikanakana, ndikanapita kuti ndi munthu wosayenda?"

Panatsala funso limodzi, ndipo Bambo Kamtsitsi analiopa. Lamulo linkati wothandiza chinyengo akudziwa ndi wolakwa ngati mwini wake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analakalaka kuti munthu awanamize.

"Munkadziwa kuti akubisa fungo kuti azilandira ku nkhokwe?"

"Ndinkadziwa. Sindinganame m'nyumba yopemphereramo."

"Onse awiri achotsedwe," Kanunkhiza kanatero. "Nkhokwe idzatsegukanso kwa mayi awa utsi wawo ukakhala wopanda nyama kufikira kukolola."

Bambo Kamtsitsi anati, "Kukolola kuli kutali! Chimanga sichinayambe n'kumasula komwe. Komiti iyi singawabwezere lero?"

"Komiti ili ndi mphamvu yochotsa. Yobwezera ili ndi mphuno yokha."

Bambo Kamtsitsi anakumbukira kuti iwo omwe anawombera m'manja lamulo limeneli, ponena kuti likutseka khomo la kukondera. Anafunsanso, mawu atatsika: "Makomo ena amene unawachotsa chifukwa cha fungo la nyama ndi a yani?"

Kanunkhiza kanayamba kutchula. Mayina ake anali a akazi amasiye, a nkhalamba zokhala zokha, a munthu wina wakhungu wa kuseri kwa msika. Wapampandoyo anakweza dzanja kuti kaleke. Anayang'ana m'holo. Amene anakuwa za therere uja anali atazyolika, ndipo sanali yekha. Apa ndi pamene anazindikira chimene chinachitika m'mudzi mwawo iwo ali maso. Kamakina sikanathetse chinyengo. Kanangochisamutsa. Olemera anatengera fungo lawo kumakhitchini a anthu amene sakanatha kukana, n'kuwalipira ndi msuzi.

Kenako Bambo Kamtsitsi anaimirira, namanga batani la jekete monga ankachitira popereka chilango kusukulu.

"Chigamulo ndi ichi. Aroni Chikhadwe achotsedwa ku nkhokwe, ndipo abweze zonse zimene analandira. Mayi Nangozo achotsedwa kufikira kukolola, pakuti ankadziwa, ndipo lamulo ndilibe mphamvu yolipinda."

Mayiyo sanalire. Anangogwira pachifuwa.

"Sindinathe. Kuyambira lero, Aroni, nyama yanu izipsera pa moto wanu. Tsiku lililonse mbale yodzaza, yophikaphika, izichoka kwanu kupita kwa akulu anu, pamodzi ndi mankhwala awo. Mayiwa asaphike kanthu konunkhira, kuti utsi wawo uyere msanga. Wowathamangitsa pamalopo adzayamba wathamangitsa ine, chifukwa mbaleyo ndizinyamula ndine."

"Chenjezo," Kanunkhiza kanatero. "Kuphika kwina n'kukadyera kwina ndi kubisa fungo. Wolamula zotere ndi wothandiza chinyengo. Adzachotsedwa pampando ndi kuzengedwa mlandu."

"Ndamva," anatero Bambo Kamtsitsi. "Dzina langa ukulidziwa."

Anaika chikhatho chawo pamsana pa kamakinako, monga mwa dongosolo lotsekera mlandu. Chitsulocho chinali chozizira.

Aroni Chikhadwe anavomera chigamulocho akukukuta mano, poti maso a mudzi wonse anali pa iye. Mayi Nangozo anachivomera atagwada, akuwomba m'manja mwaulemu, ngakhale chinawasiya kunja kwa nkhokwe nyengo yonse ya njala. Kanunkhiza kanavomera mbali ziwiri zoyamba, ndipo yachitatu kanaisandutsa mlandu watsopano, woimbidwa wake Filimoni Kamtsitsi. Nawonso anauvomera osatsutsa. Anatola chipewa chawo, nachoka pampando umene anaukhala mosanyozeka, atadziwa mochedwa kuti nyama ili ndi fungo, koma njala ilibe.