Mbale Yopanda Mwini

Mirjam anakumana ndi Hampus podikirira basi ku Luleå, chisanu chikulowa m'mafupa. Anali atangochoka kwawo ku Pajala, ku mpingo umene umati kuonera kanema ndi tchimo. Bambo ake anali atamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo.

Basi inachedwa, Mirjam n'kupezeka waulula zonsezi kwa munthu wachilendo. Kusungulumwa kumasula pakamwa.

"Ndikukumvetsa," anatero Hampus motsitsa mawu. "Ine amayi anakwera sitima ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osabweranso. Bambo ankawaikirabe mbale patebulo tsiku lililonse, n'kumandikakamiza kuthokoza mpando wopanda munthu."

Mirjam analira. Akanamupezanso kuti munthu wodziwa ululu wake chonchi?

Mauthenga anayamba kugwa pafoni ngati mvula. "Duwa langa, tonse ndife amasiye. Sindidzakubisira kanthu mpaka imfa." Chaka chisanathe, mphete inali pachala.

Lamlungu lina masana Agneta, mnzake wa kuntchito yophika buledi, anamukokera kukaonera kanema wina wakale wotchuka.

"Iwe, ukakwatiwe usanaone filimu imene dziko lonse linakula nayo? Amayi anga amaionera chaka ndi chaka, kulira kwake pamalo omwewo."

Holo inali yodzaza, achikulire ndi ana omwe. Panaoneka sitima, mayi akukwera, kamwana katatsala pa siteshoni. Kenako tebulo, mbale zitatu, anthu awiri.

"Thokoza amayi ako," anatero bambo wa mufilimuyo, ndipo holo yonse inanong'ona naye pamodzi. Aliyense ankawadziwa mawuwo pamtima, kupatula Mirjam. Manyazi anamugwira.

Anamupeza Hampus kunyumba akuphika khofi.

"Wabwera, mtima wanga? Unali kuti?"

"Ndinali kwanu. Ndaona sitima ija. Ndaonanso mbale."

Hampus anaika kapu patebulo.

"Amayi ako ali kuti, Hampus?"

"Ku Västerås," anayankha atazyolika. "Ali ndi bambo. Ali bwinobwino. Akhala akufunsa tsiku loti adzakuone."

"Ndiye unandisankha poti ndine mbuli yosadziwa kanema?"

"Ayi, wokondedwa. Tsiku lija iwe unali ndi zowawa zenizeni, ine ndinalibe choti ndinene. Ndinakula bwino, basi. Ndinaopa kuti undiona wopepera. Ndimati ndikuuza, koma ukandilirira ndinkamva kukoma."

Kumva kukoma! Chaka chathunthu Mirjam anakhala akupempherera mayi amene kulibe, akudana ndi bambo wosalakwa.

Anavula mphete n'kuiika pambali pa kapu.

"Mirjam, chonde. Chikondi changa chokha si bodza."

"Mwina. Koma ndichidziwa bwanji? Ine ndinakonda kamwana kaja, ndipo aliyense angathe kukaona ndi tikiti."

Anatsika masitepe akulira. Panja anatulutsa foni mwachizolowezi kuti auze wina zimene zamuchitikira, koma munthu yekhayo amene ankamuuza zinthu anali amene wamusiya m'mwambamo.