Kombi ya a Fanizo Itakana Kulira

Dzuwa linali litapendeka pamene Sungani, makaniko wa pa Manjawira, anadzuka kumbuyo kwa kombi n'kupukuta manja pa ovololo yake. Janeti anali pakhonde akutongola chimanga, khutu lili komweko.

"Bambo, mafuta akufika," anatero Sungani. "Mapulagi ndatsuka, moto akupereka. Mafyuzi onse ndi amoyo. Sitata ndaigogoda mpaka dzanja kuwawa. Galimotoyi ilibe vuto. Kungoti sikufuna."

Amuna ake a Janeti, a Fanizo, anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa mano okha.

Anakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akugwira ntchito m'mafamu. Kumudzi ankabwera kamodzi pa zaka zitatu. Zaka khumi zapitazi, chaka chilichonse kuzizira kukayandikira, Janeti ankalandira bulangete latsopano, ndipo ankalionetsa kwa amayi anzake a kutchalitchi monyadira. Tsopano bambowo anali atabwereratu ndi kombi yakale, ya bedi, makatani ndi kasitovu m'kati. Inayenda ulendo wonsewo osatsokomola. Itangoima pabwalo pawo, inazima. Sabata zitatu zinatha. Anthu anaikankha mpaka kumsewu n'kuibweza, koma zii.

Madzulo amenewo Sungani anachotsa batire kuti akaitchaje, n'kuimanga panjinga yake yamoto. Janeti anamuona ndi maso ake akupita nayo.

Usiku anadzidzimuka ndi kuzizira. Anapapasa pambali pake. Panalibe munthu.

Kenako anamva. Tche-tche-tche. Phokoso la sitata.

Anayatsa tochi ya pafoni. Kiyi wa galimoto anali pa msomali wake, pafupi ndi chitseko.

Tche-tche-tche.

Anadzifunditsa bulangete n'kutuluka. Agalu a m'mudzi onse anali chete. M'kombi munkayaka getsi lofiirira. Amuna ake anali atagwada pafumbi, pafupi ndi chitseko cha galimotoyo, akuyankhula chilankhulo cha ku Joni ndi mawu onjenjemera. Janeti sankachimva, koma kupepesa kumadziwika m'chilankhulo chilichonse.

Kuseri kwa katani kunali munthu. Anakhala pabedi, wowonda, mutu uli mpala.

Katani inasuntha pang'ono. Kunatuluka fungo la mankhwala a m'chipatala.

"Ndinu a Janeti?" Anali mawu a mkazi, Chichewa chake chopotoka ngati cha munthu wophunzira atakula.

Janeti anangogwedeza mutu.

"Ine ndine Nomsa. Ndakondwa kukuonani, alamu. Fanizo ankakutchulani kawirikawiri. Ankati kumudzi anasiya mlongo wake wamasiye." Mawuwo anadukiza, kupuma kukumveka ngati mpweya wotuluka m'tayala. "Bulangete mwafundalo ndinasankha ndine. Onse aja ndinkasankha ndine. Ankakufunditsani bwino?"

Janeti anamva ngati bulangetelo ladzaza nyerere. Analisiya kuti ligwe pansi. Mantha anamuthera, m'malo mwake munalowa chinthu china chotentha.

"Bambo a Veronica," anatero, osakweza mawu. "Ameneyu ndani?"

A Fanizo sanatembenuke.

"Ndikufunsa inu."

Anayankha akuyang'ana fumbi. Anati anakhala naye zaka khumi ndi chimodzi, m'kombi momwemo, pafamu ina. Galimotoyo inali ya mkaziyo, anamusiyira ndi bambo ake. Chaka chino anadwala kwambiri. Iwo anamutengera kuchipatala, n'kumugoneka pabenchi. Anamuuza kuti akukathira mafuta, abwera pompano. Anathira mafutawo, n'kulunjika msewu wa kumudzi osacheuka.

"Anamwalira liti?" anafunsa Janeti.

"Sindikudziwa ngati anamwalira."

Pomwepo injini inalira.

Inalira bwinobwino, ngati yatsopano, galimoto yopanda batire, kiyi ali pa msomali. Magetsi akutsogolo anawala mpaka pankhokwe. Chitseko cham'mbali chinatseguka chokha, pang'onopang'ono.

"Kwera, Fanizo," anatero mawu aja mofatsa. "Ndakudikira pabenchi paja mokwanira."

A Fanizo anadzuka n'kuthamangira kwa mkazi wawo. Koma Janeti anali atalowa kale m'nyumba. Anakhoma chitseko, n'kuchitsamira ndi msana.

Go, go, go.

"Mayi a Veronica! Tsegulani!"

Janeti anakumbukira zaka zonse zimene analima yekha. Anakumbukira amuna awiri amene anawakana, ndi maliro a mwana wawo wachiwiri amene anaika yekha, bambo ake akuti abwana akana tchuthi.

"Janeti! Chonde, mkazi wanga!"

"Pepani achimwene," anayankha. "Mlongo satsegulira mchimwene wake kuchipinda usiku."

Kugogoda kunapitirira kanthawi. Kenako kunasanduka kukanda. Kenako kunaleka. Anamva mapazi akukhwekhwereza, osati a munthu mmodzi. Chitseko cha kombi chinatsekeka. Injini inachoka pabwalo, n'kumveka ikutsetserekera kumsewu waukulu, mpaka kuzimirira.

Janeti anakhala pansi pomwepo mpaka tambala wachitatu. Sanalire.

Kutacha anatsegula. Kombi inali pamalo pake penipeni, udzu womera m'mbali mwa matayala uli wosapindika. Sungani anafika ndi batire panjinga. Atagwira chivindikiro cha injini anabweza dzanja msanga. Chinali chotentha.

A Fanizo anawapeza m'kati, atagona pabedi chagada, maso ali tong'o. Ankapuma. Anthu atawaitana sanayankhe. Padzanja lawo lamanzere panali kachibangili kapulasitiki, konga kamene amaveka odwala m'zipatala za kunja. Sungani anawerama n'kuwerenga mokweza dzina lolembedwapo, loti Nomsa, kenako anayang'ana Janeti n'kutseka pakamwa.

Anayesa kukadula ndi pulayazi. Kanakana.

Mpaka lero bambowo amagona m'kombi momwemo. Abale awo akawanyamulira m'nyumba madzulo, m'mawa amawapezanso pabedi lija. Akuonda tsiku ndi tsiku, ndipo tsitsi likuthothoka. Pamsika wa Manjawira nkhaniyi amainong'ona mosiyanasiyana. Ena amati mkaziyo anafera pabenchi ndipo mzimu wake unakwera nawo. Ena amati ayi, ali moyo, akuchira kwawoko, matenda ake anawapezera mwini wina.

Alamu ake a Janeti anabwera tsiku lina atakwiya, kudzamufunsa chimene chinachitikira mbale wawo usiku uja, poti iye ndiye analipo.

Janeti sanasiye kusesa.

"Kafunseni akazi awo," anatero. "Ali m'galimotomo."