Maimelo Amene Corinne Anafufuta

Corinne Vasko anakulira m'banja loopa Mulungu, m'katauni kena ku Ohio, m'dziko la America. Atalembedwa ntchito yosunga makalata a pakompyuta ku ofesi ya madzi ya tauniyo, mayi ake anamugwira dzanja.

"Mwanangu, makalata amenewo ndi a anthu, si a bwana wako. Usadzabise ngakhale imodzi."

"Amayi inunso, ndine mwana ngati?" anatero Corinne akuseka.

Chaka chisanathe, ana okhala kumunsi kwa fakitale ina m'tauniyo anayamba kudwala. Makolo awo anapempha makalata onse okhudza kuyeza madzi, monga lamulo limawalolera. Tsiku lomwelo bwana wa Corinne, a Lyle Brandt, anamuitana n'kutseka chitseko.

"Maimelo a m'Marichi aja angosokoneza anthu. Afufute. Paja mpando wa wachiwiri wanga ulibe munthu."

"Koma bwana, muli chenjezo la ku labotale lija, loti madziwa ali ndi poizoni."

"Ndiye ukufuna ukalambe uli kalaliki?"

Corinne mpandowo ankaufuna. Anafufuta maimelo onse, ngakhale amene anasungidwa padera, ndipo anayankha makolo aja kuti palibe chapezeka. Mpando anaupeza. Anthu anapitiriza kumwa madziwo miyezi ina itatu, mpaka mtsikana wa zaka zinayi anamwalira.

Kutabwera ofufuza, kompyuta inaonetsa dzina la wofufuta, tsiku ndi ola lomwe. Corinne anathamangira kwa a Brandt misozi ili mbwembwembwe.

"Bwana, chonde auzeni kuti munandituma ndinu!"

"Ine? Chenjezolo sindinalionepo. Uli ndi umboni?"

Imelo imene Corinne anawatumizira chenjezolo inali pakati pa amene anafufuta ndi dzanja lake. Anachonderera akatswiri a makompyuta kuti aibweze, koma onse anapukusa mitu.

Kukhoti, mayi wa malemu uja anaimirira n'kuyang'ana Corinne.

"Ukanangotiuza, mtsikana iwe! Ndikanamugulira madzi a m'botolo."

Corinne anagwada pansi akulira, kupempha Mulungu ndi mayiyo kuti amukhululukire. Mayiyo anatuluka osacheuka. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka zitatu, pamene a Brandt anangopuma pantchito.

Wachinyamata iwe, ukapatsidwa zinthu za anthu kuti usunge, usazibise pofuna kusangalatsa wamkulu. Wokutuma kuchimwa adzakukana masana, ndipo mlandu wa magazi udzausenza wekha.