Thumba Lonunkha la Bambo Wachipewa

Kamaso ndi mtsikana wosakhulupirira zinthu msanga. Chilichonse amachiyang'ana kawiri. N'chifukwa chake kwawo amamutcha Kamaso.

Tsiku lina amayi ake anamutenga pa ulendo wa kudziko lina. Mlongo wake wamng'ono anatsala. Anali atathyoka mwendo.

"Ukandijambulire gulugufe wabuluu," anatero mlongo wakeyo.

"Ndikakujambulira," anatero Kamaso.

Ulendowo unali wa masiku atatu okha. Tsiku lomaliza anapita kunkhalango. Amene anawatsogolera anali bambo wina wachipewa chachikulu. Bamboyo sankamva chilankhulo chawo. Ankangoloza ndi chala. Paphewa anali ndi thumba. Thumbalo linali lomanga kukamwa. Thumbalo linkanunkha.

Kamaso anaona gulugufe wabuluu. Anamuthamangira ndi kamera. Gulugufe anathawa. Pachithunzi panaoneka tsamba lokha.

Anaona wina. Anamuthamangiranso. Nayenso anathawa. Pachithunzi panaoneka nsapato ya amayi!

Kenako agulugufe onse anasowa. Kamaso anayang'ana thumba lija. Analiyang'ananso kachiwiri.

"Amayi," ananong'oneza, "bambowa ine sindikuwamvetsa."

"Alakwa chiyani?" anafunsa amayi.

"Akuba agulugufe. Akuwaika m'thumbamo."

"Iwe mwana, wawaona?"

"Sindinawaone. Koma nanga agulugufe apita kuti?"

"Ayi, yenda tiye," anatero amayi.

Bamboyo anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anapatuka m'njira. Analowa kuseri kwa chitsamba. Mawa ndi tsiku lobwerera. Kamaso akamuuza chiyani mlongo wake?

Kamaso anatsatira bamboyo monyang'ama. Bamboyo anaika thumba pamwala. Anatembenuka kuti athyole tsamba. Kamaso analumpha. Anamasula thumba lija. Anapisamo dzanja.

"Tulukani, agulugufe!" anakuwa.

Palibe anatuluka. Dzanja lake linangoti tibu m'zinthu zofewa. Zinali nthochi zowola!

Amayi anafika akuthamanga.

"Kamaso! Thumba la eni ake?"

Kamaso anachita manyazi kwambiri. Anangoti zyoli.

Bamboyo anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anatapa nthochi zija. Anazipaka pamwala. Kenako anaika chala pakamwa. Anakweza dzanja la Kamaso m'mwamba. Anamulozera kuti asasunthe.

Kamaso anaima chilili. Anadikira. Anadikirabe.

Kunabwera gulugufe woyera. Anatera pamwala. Kunabwera wachikasu. Nayenso anatera pamwala. Agulugufe amakonda nthochi zowola!

Kenako kunabwera wabuluu. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anatera pachala cha Kamaso. Timiyendo take tinkamugirigisha.

Koma ajambula bwanji? Dzanja lili ndi gulugufe. Amayi sadziwa kamerayo.

Bamboyo anatambasula dzanja. Kamaso anamuyang'ana kamodzi kokha. Anamupatsa kamera. Bamboyo anagwada. Anajambula.

"Zikomo, bambo. Pepani," anatero Kamaso motsitsa mawu.

Mawuwo bamboyo sanawamve. Koma anagwedeza mutu n'kumwetulira.

Atafika kwawo, Kamaso anathamangira kwa mlongo wake. Anamuonetsa chithunzi. Mlongo wake anawomba m'manja.

"Wabuluu weniweni! Pachala chako!"

Anachiyang'ananso bwinobwino.

"Nanga mphunoyi waikwinyiranji?"

"Iwe, ukanamva fungo lake!" anatero Kamaso.

Amayi anaseka mpaka misozi. Mlongo wake anakwawira pamene panali mbale ya zipatso. Anatenga nthochi imodzi. Anaiika pawindo.

"Iyi musadye," anatero. "Ndi ya alendo anga."