Chinkhanira cha Zulfa

Zulfa amakhala pa Nsaru. Iye amasonkhanitsa masitampa. Koma si masitampa wamba ayi. Amafuna a tizilombo toluma basi!

Anali ndi sitampa ya njoka. Anali ndi ya kangaude. Anali ndi ya mavu. Ya chinkhanira yokha ndiyo analibe. Ankaifuna koopsa.

Tsiku lina kunabwera kalata. Inachokera kwa amalume ake, a Lukman. Iwo amayendetsa galimoto yaikulu kumayiko akutali.

Zulfa anayang'ana sitampa ya pa envulopu. Anadumpha!

"Chinkhanira! Ababa, onani chinkhanira!"

Chinali chakuda bii. Mchira wake unali m'mwamba.

Nthawi ya madirasa inakwana. Zulfa anasiya envulopu m'shopu ya bambo ake. Atabwerako, sanaipeze.

"Ababa, envulopu yanga ili kuti?"

Bambo ake anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Mapepala anandithera. Ndakulungiramo misomali imene agula a Nowa, akalipentala aja."

Misomali! M'nyumba ya chinkhanira! Zulfa anafuna kulira.

"Usalire, mwanangu," anatero bambo ake. "Kwera njinga. Tiye!"

Bambo ake anapalasa, anapalasa, anapalasa. Anadutsa pamsika. Anadutsa pamjigo. Fumbi linali koboo!

A Nowa anali pamwamba pa chigafa cha fodya. Ankakhoma misomali. Kho! Kho! Kho!

"Odi, a Nowa!" anafuula Zulfa. "Pepala lija la misomali lili kuti?"

"Ndataya apo, mwanawe," anatero a Nowa, akuloza pansi.

Zulfa anayang'ana. Kalanga ine! Pamenepo panali mbuzi. Envulopu inali kukamwa kwake.

"Choka! Siya, mbuzi iwe!"

Mbuzi sinasiye. Zulfa anagwira pepala. Anakoka. Mbuzi nayo inakoka. Zulfa anakokanso. Mbuzi inakokanso.

Pepala linang'ambika!

Mbuzi inatafuna. Inatafuna. Kenako inameza. Inalibe ndi manyazi omwe.

M'dzanja la Zulfa munatsala kapepala kakang'ono. Iye anakafumbata. Ankaopa kuyang'ana.

Anatambasula chala chimodzi. Anatambasula china. Anatambasulanso china.

"Chilipo! Ababa, chilipo! Ndi mchira womwe!"

Zulfa anavina. Bambo ake anaomba m'manja. A Nowa anatsika pachigafa kudzaona.

"Aa, kukongola kwake!" anatero a Nowa. "Mbuzi iyi imadya chilichonse. Inandidyera ndi malaya omwe. Koma chinkhanira yachiopa, eti?"

Onse anaseka.

"Pepa, mwanangu," anatero bambo ake. "Ndinalakwa. Makalata ako sindidzakulungiranso kanthu."

Zulfa anakwera njinga. Sitampa anaigwira ndi manja awiri. Bambo ake ankapalasa pang'onopang'ono.

"Ababa, bwanji simukuthamanga?"

"Ndikuopa, mwanangu. Kumbuyo kwangaku kuli chinkhanira. Chigwiritse, chingandilume!"

"Musaope, Ababa," anatero Zulfa akuseka. "Ndachigwira. Sichichokanso!"