Wankhondo Wovala Ngati Maliro

Lolemba, naini koloko m'mawa, Neide Tamashiro anakwera pampando kuti atsitse chithunzi chomwe chinali pakhoma la ofesi. Anachiyang'ana pafupi kamodzi, kenako anatsika chimanjamanja.

"Bwana Otávio, tabwerani muone. Munthu wanuyu amuveka ngati maliro."

A Otávio Brandalise, eni ake a kampani yosindikiza mabuku ya Garça Azul, anatuluka ndi kapu ya khofi. Anaima patsogolo pa chithunzicho. Wankhondo wa ku Japan, lupanga m'manja, mtengo wa paini kumbuyo kwake. Anali yemweyo amene anakhala akumuona zaka zoposa makumi awiri.

"Ali bwinobwino uyu. Tsitsa, Neide, Lachinayi lili pafupi."

"Taonani mkanjowo. Munthu wamoyo amaika mbali yakumanzere pamwamba. Uyu yakumanja ndiyo ili pamwamba. Timaveka choncho akufa okha. Ndipo lupanga wayamba liti kugwirira kumanzere?"

Neide anatulutsa foni. Masabata atatu m'mbuyomo anali atajambula chithunzi chomwecho kuti atumize ku Japan. Pafonipo wankhondo ankayang'ana kukhomo. Pakhoma ankayang'ana kuwindo. Chapakhomacho chinali chabodza. Khofi wa a Otávio anatayikira pansapato.

Garça Azul inayamba mu 1996 ndi kabodza kakang'ono. Mabuku a nkhani za m'zithunzi a ku Japan amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo a Otávio analumbira kuti mwana wa mumzinda wawo wa São Paulo sangayambire buku kumapeto. Choncho tsamba lililonse ankalitembenuza monga lingaonekere m'kalilole. Ankhondo onse anasanduka amanzere. Mitima ya anthu inasamukira kumanja. Palibe anadandaula. Mabuku ankatha m'timashopu ta nyuzipepala zingwe zake zisanamasulidwe bwinobwino. Kampani inalemba anthu makumi anayi, ndipo wojambula wamkulu wa mabukuwo, a Kurahashi a ku Japan, anawabwereka tsamba limodzi lojambula ndi dzanja lawo kuti likhale pakhoma.

Kenako ana aja anakula. Anazindikira kuti akhala akuwerenga za m'kalilole, ndipo anakwiya. Anafuna mabuku oyambira kumanja. Makampani akuluakulu anawapatsa, intaneti inawapatsa ulere. A Otávio anakakamira zaka zisanu. Pomwe ankagonja n'kuti atatsala atatu m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya mbale m'dera la Liberdade: iwowo, Neide womasulira, amene makolo ake anachokera ku Japan, ndi Valdomiro Peçanha, wodziwika kuti Miro, amene kale ankatembenuza masamba aja ndipo tsopano ankangofufuta zilembo za Chijapani. A Kurahashi atamwalira, mwana wawo wamkazi analemba kalata kuti abwera Lachinayi kudzatenga tsamba la bambo ake.

Wapolisi wofufuza milandu, Mayi Jussara Quintela, anafika leveni koloko. Anali aafupi, osakonda kukhala pansi.

"Kapepala kanasowako n'kofunika bwanji?"

"Mungagule nako nyumba," anatero a Otávio.

"Womaliza kukagwira ndani?"

Miro, bambo wa imvi, inki ili m'zikhadabo, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ine sindikunena kanthu, mayi. Koma Neide anachitsitsa tsiku lija pochijambula. Komanso amalankhula ndi anthu a ku Japan pafoni tsiku ndi tsiku. Ife timangomva hai, hai."

"Achimwene, mukuti chiyani?"

"Ndangoyankha funso, achemwali."

"Koma ndine amene ndaona kuti n'chabodza!"

"Wakuba wochenjera ndi amene amayamba kukuwa," anatero Mayi Jussara. Anajambula chithunzi chabodzacho, anachikulunga. "Mayi Tamashiro, Lachitatu teni koloko mubwere kupolisi. Mubwere ndi loya, musaiwale pasipoti."

A Otávio sanamuyang'ane Neide kumaso.

"Kiyi ungosiya patebulopo. Mpaka zinthu zione kolowera."

Neide anali atagwira ntchito pamenepo kuyambira ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anasiya kiyi, anatsika masitepe.

Lachiwiri masana anapita kwa wogulitsa mabuku akale pafupi ndi siteshoni, anagula buku loyamba la wankhondo uja. Pachikuto pake panali chithunzi chomwecho, chotembenuzidwa monga mwa mwambo wa Garça Azul. Anakhala pa kashopu ka pastel, chakudya chokazinga chonga samusa, anaitanitsa wa tchizi, n'kuika bukulo pambali pa foni, pomwe anali atajambulanso chabodza chija asanachoke muofesi.

Zinali zofanana. Lupanga kumanzere, mkanjo wa maliro. Izi sizinamuthandize. Bukulo linagulidwa ndi anthu zikwi makumi asanu ndi anayi, ndipo Loweruka lililonse ofesi inkalola anthu kulowa kudzagula mabuku otsala. Aliyense wodziwa kujambula akanatha kutengera.

Pastel anazizira. Neide anayamba kufananiza kuchokera pansi kupita m'mwamba, monga ankachitira pofufuza zolakwika buku lisanasindikizidwe. Nsapato. Lamba. Tsitsi. Atafika pamwamba anaima.

Pachikuto, nsonga ya mtengo wa paini sinkaoneka. Inali itaphimbidwa ndi dzina la buku, zilembo zazikulu zofiira. Pachithunzi chabodza nsongayo inalipo yonse, nthambi zinayi ndi kambalame panthambi yachiwiri, zonse zotembenuka bwinobwino. Wojambulayo sanatengere pabuku. Sanatengerenso pakhoma, chifukwa wotengera pakhoma sakanatembenuza. Anali ndi chithunzi chathunthu, chachikulu ngati chenicheni, chotheka kuchigoneka chammbuyo.

Chinthu chotero chinalipo chimodzi chokha. Ndipo Neide anakumbukira tsiku lomwe ankasamuka kuofesi yaikulu ija, a Otávio akulamula kuti zakale zonse zitayidwe, munthu wina akulongedza makatoni m'galimoto yake uku akuti, "Awa ndi ana anga, sapita kudzala."

Sanadikire Lachitatu. Fili koloko anali atafika kupolisi.

"Loya ali kuti?" anafunsa Mayi Jussara.

"Ndabwera ndi buku."

Anawaonetsa mtengo, nthambi, kambalame. Kenako anafotokoza. Kale, makompyuta asanafale, tsamba lililonse linkayamba lajambulidwa pa pepala loonekera ngati galasi, lomwe ankalitcha filimu. Dzina la buku ankaliika pambuyo pake. Mafilimu onse a Garça Azul anali kunyumba kwa Miro, m'dera la Mooca.

"Mukundiuza kuti katswiri angajambule chinthu chotembenuka osaona?"

"Filimu ilibe kumaso, ilibe kumbuyo. Umaigoneka patebulo la nyali mmene dzanja linazolowerera. Dzanja la Miro lagoneka filimu chammbuyo zaka khumi ndi zisanu. Ndipo ngati anaona pomaliza, anadziwa kuti enafe sitiona. Chithunzichi tinachidziwira pachikuto, pamakalenda, pamakapu. Bwana achidutsa masabata atatu akumwa khofi."

"Inunso munachidutsa."

"Ndinachidutsa, inde. Koma mayi anga atamwalira ndinawaveka ndine, ndi manja angawa. Ndikanakhala wakuba, ndikanalakwitsa china chilichonse, osati mkanjo."

Mayi Jussara anakhala pansi, koyamba kuyambira dzulo lake. Anayang'anitsitsa kambalame kaja.

"Mawa seveni koloko mukhale pano. Mukazindikire pepalalo nokha. Kwa ine onsewa ndi anyamata a tsitsi losapesa."

Lachitatu, seveni koloko itapitirira pang'ono, galimoto ya polisi inaima pa kanyumba kachikasu ku Mooca. Miro anali panja akuthirira maluwa. Ataona Neide akutsika pambuyo pa apolisi awiri, anatseka mpopi, anapinda paipi mosamala, n'kuwatsegulira yekha chitseko.

"Musaponde makatoniwo," anatero.

Chipinda chakumbuyo chinali chodzaza mafilimu mpaka kudenga. Pakona panali tebulo la nyali, filimu ya wankhondo idakali pomwepo, yomatidwa ndi tepi m'makona. Pakhoma lakumanja panali tsamba la a Kurahashi, m'felemu yatsopano yoposa ya kuofesi. Pakhoma lakumanzere panali kalilole wamkulu. Pakati panali mpando umodzi, utafulatira chithunzi.

Neide anayandikira. Mbali yakumanzere ya mkanjo inali pamwamba.

"Ndi lomweli."

"Mumafuna kugulitsa kwa ndani, bambo Peçanha?" anafunsa Mayi Jussara.

"Kugulitsa?" Miro anaseka. "Munthu ameneyu ndamukonza masamba zikwi zisanu ndi chimodzi. Ndikudziwa tsitsi lake lililonse. A Kurahashi anamujambula kamodzi, ine ndamulera. Ndiye abwere mtsikana amene sanagwirepo bulashi, amuponye m'chikwama?"

"Ndiye munati apolisi aponye ine," anatero Neide.

"Akanakusungani masiku awiri basi, achemwali. Mulibe mlandu, akanakusiyani."

"Zikomo kwambiri, achimwene. Mwandiganizira."

Miro anavula magalasi, koma sanawapukute. Wapolisi winayo anatulutsa unyolo. Mayi Jussara anali akuyang'anabe mpando uja.

"Tandiuzani chimodzi. Mwaba chithunzi, mwachigulira felemu, kenako mwachifulatira. Bwanji?"

"Chenichenicho chimandipweteka maso, mayi. Chimaoneka cholakwika." Miro analoza kalilole ndi manja onse awiri, popeza anali atamangidwa kale. "Umo ndiye ali bwino."

Neide anayang'ana. M'kalilolemo wankhondo anali atabwerera kumanzere, atavalanso za maliro. Neide anatembenuka, anakwera pampando wa Miro, n'kutsitsa tsambalo.

Lachinayi mwana wa a Kurahashi anakasainira tsamba la bambo ake kupolisi. Neide ndiye ankamasulira, ndipo anamasulira zonse, osasiya kanthu, ngakhale a Otávio ankamukodola ndi chigongono. Khoti linapatsa Miro zaka ziwiri. A Otávio anamubwezera Neide kiyi ija m'envulopu, popanda mawu, koma pofika Disembala kampani inali itatsekedwa, kiyiyo inalibenso chitseko choti itsegule.

Mlandu utatha, apolisi anafunsa ngati alipo wofuna chithunzi chabodza chija. A Otávio anakachitenga. Chili pabalaza kwawo mpaka lero. Akuti ndi chomwe amachidziwa.