Kambewa Awoloka Matope

Nelia ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona amayi ake.

Amayi sanali kutali ayi. Anali m'nyumba mwawo, kutsidya kwa bwalo. Anali atangobwera kuchokera kuchipatala cha ku Katete. Anabwera ndi khanda, kamnyamata. Kuchipatalako anawachita opaleshoni. Tsopano ankangogona, chifukwa kuyenda kunali kowawa.

Koma Nelia anali ndi chifuwa. Chinali chifuwa chamwano, chosamva mankhwala msanga. M'mawa, kho! kho! Masana, kho! kho! Anamwino ananena kuti mwana wotsokomola asayandikire khanda. Choncho Nelia anasamukira kwa amayi ake aang'ono, a Eunice.

Nyumba ziwirizo zinali zoyang'anana. Pakati panali bwalo. Inali nthawi ya mvula, ndipo pabwalo panali matope okhaokha.

Nelia ankakhala pakhonde. Ankayang'ana chitseko cha amayi. Anthu ankabwera kudzaona mwana. Aliyense ankabwera ndi kanthu m'manja. Azimayi a kumpingo anabwera ndi sopo. Azakhali anabwera ndi chitenje. Wina anabwera ndi nkhuku. Onse ankalowa. Onse ankatuluka akumwetulira. Nelia yekha ndiye sankalowa.

Amayi aang'ono akapita uko, ankanena kuti Nelia ali bwino. Ankanena kuti akudya, akusewera. Ankatero kuti wodwala asade nkhawa. Koma sizinali choncho. Nelia sankadya bwino. Sankasewera. Akamva kuseka kutsidya, mtima unkamupweteka.

"Amayi andiiwala," ankatero mumtima. "Apeza mwana wina."

Nelia anali ndi kaloboti kake. Dzina lake linali Kambewa. Anakapanga pamodzi ndi atate ake. Atatewo amakonza mawailesi ndi nyale za sola kumsika.

Thupi la Kambewa linali kachitini ka majarini. Pansi pake panali timota tiwiri. Kumbuyo kunali mawilo awiri. Kutsogolo kunali kawilo kamodzi. Maso ake anali timagetsi tofiira. Nelia akadina batani pa rimoti, Kambewa ankathamanga pasimenti, fyuu! Dzinalo linamuyenera ndithu.

M'mawa wina, kamango kanagwa pafupi ndi khonde. Kanali kachikasu, kakupsa bwino. Nelia anakatola. Anakanunkhiza. Aliyense akukaona mwana ndi kanthu m'manja. Basi, nayenso wapeza kake.

Anasamba m'manja ndi sopo. Anatsuka kamango. Anakaika m'kachitini, pamsana pa Kambewa.

"Pita kwa amayi," anatero Nelia.

Kambewa anatsika pakhonde. Anayenda pang'ono. Kenaka anatitimira. Mawilo anazungulira, anazungulira, fwii! Kambewa sanasunthe. Matope anamuthira m'maso momwe.

Atate anabwera ndi kumuzula. Anamupukuta ndi kansanza. Ananena kuti kamangoko akhoza kukapereka iwo, si patali. Koma Nelia anakana. Tisabise, mwanayu ndi wamakani. Anatengera amayi ake omwewo.

"Mphatso yoonera mwana munthu amapereka yekha," anatero Nelia. "Ine sindingapite. Kambewa ndiye miyendo yanga."

Atate anamuyang'ana. Sanatsutse.

Masana kunamveka phokoso kumsewu. Gudu gudu gudu! Chinali chikatapila cha anthu okonza msewu. Nelia anaima pakhonde ndi kusuzumira. Pamalo pomwepo, dzulo lake, lole inali itatitimira. Koma chikatapila chinangodutsa. Chinali chachikulu. Chinali cholemera. Koma sichinatitimire.

Nelia anayang'anitsitsa pansi pake. Chinkayenda pa malamba. Uku lamba, uku lamba. Malambawo anali aatali, achitsulo. Ankazungulira mawilo onse pamodzi.

Nelia anafunsa atate chifukwa chake. Atate anamuuza kuti atose matope ndi chala. Nelia anatosa. Chala chinalowa chonse. Kenaka anamuuza kuti aike chikhatho. Nelia anaika. Chikhatho sichinalowe.

"Wilo ndi chala," anatero atate. "Lamba ndi chikhatho."

Maso a Nelia anawala. Kambewa ankafunika malamba.

Atate anabwera ndi chubu chakale cha njinga yamoto. Anachidula mopingasa ndi sizasi. Panatuluka mkombero wa mphira. Anadulanso. Panatuluka wina. Amenewo ndiwo malamba. Uku lamba, uku lamba.

Koma lamba amafuna mawilo awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Nelia anachotsa kawilo kakutsogolo kaja. Anapita kukhitchini kwa amayi aang'ono. Anapempha zotsekera za zigubu za mafuta. Atate anaziboola pakati. Nelia analowetsa sipoko ya njinga. Tsopano Kambewa anali ndi mawilo anayi.

Nelia anakoka lamba woyamba. Anamuveka kumanja. Anakoka lamba wachiwiri. Anamuveka kumanzere. Kambewa anaoneka ngati mwana wovala jombo za bambo ake. Amayi aang'ono anaseka mpaka kugwira chipupa.

Nelia anaika kamango pamsana.

"Pita kwa amayi."

Kambewa anatsika pakhonde. Analowa m'matope. Ulendo uno sanatitimire. Koma sanapitenso patsogolo. Malamba ankangoterereka. Anazungulira, anazungulira, fwii! Kambewa anali pomwepo.

Nelia anakwiya. Anatsokomola, kho! kho! Anakhala pansi, manja m'masaya. Patsogolo pake panali jombo za atate. Atate anali atazivula pakhonde. Nelia anatembenuza imodzi. Kunsi kwake kunali mizeremizere yotumphuka. Anagwira lamba wa Kambewa. Anali wosalala, see!

"Atate, malambawa alibe mano," anatero.

Anatenga chubu chotsala chija. Atate anadula timizere tating'ono tambiri. Nelia anatipaka guluu womatira njinga. Anamata kamodzi. Anamata kena. Anamata kenanso. Anamata mpaka malamba onse awiri anamera mano. Zala zake zinada bii.

Atate ananena kuti guluu ayambe wauma. Iii, kudikira ndi ntchito! Nelia anauzira ndi pakamwa. Anakupiza ndi mbale. Kutsidya, khanda linalira. Kenaka anamva amayi akuliimbira chapansipansi. Inali nyimbo imene ankamuimbira iye kale. Nelia anasiya kukupiza. Anamva nsanje, ndipo anamva chisoni.

Guluu atauma, Nelia anavekanso malamba. Anaika kamango pamsana.

"Pita kwa amayi."

Kambewa anatsika pakhonde. Analowa m'matope. Mano anagwira. Anayenda! Anayenda, anayenda, mpaka pakati pa bwalo. Pakatipo panali chithaphwi. Nelia anadina batani kuti akhote. Kambewa anakhota. Pomwepo lamba wakumanzere anavuka. Kambewa anapendekeka. Kamango kanagubuduzikira m'matope.

Apa ndiye Nelia analira. Analira ndi mtima wonse. Misozi ndi chifuwa zinabwera pamodzi. Atate anathamanga ndi kumunyamula. Anamusisita pamsana. Ananena kuti lamba savuta kubwezera. Koma Nelia sankalirira lamba.

"Atate," anatero, "amayi andiiwala eti?"

Atate sankadziwa kuti mwana wawo wasenza zimenezi. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Funso limenelo ayankhe eni ake," anatero atate. "Tiye, Kambewa akafike."

Atate anakatola Kambewa. Anakatola lamba. Anakatola kamango. Nelia anakatsukanso ndi madzi oyera. Kenaka anaganiza. Lamba wavuka chifukwa palibe chomutchinga. Mbuzi nazo zikasowa mpanda zimatuluka. Lamba ankafunika mpanda.

Nelia anabwereranso kukhitchini. Anapempha zotsekera zina, zokulirapo. Amayi aang'ono anadandaula kuti mwanayu awasiyira zigubu zapululu nyumba yonse. Koma anamupatsa. Nelia anamata chotsekera chachikulu kunja kwa wilo lililonse. Tsopano lamba anakhala m'kati. Analibe pothawira.

Dzuwa linali litapendeka. Nelia anasambanso m'manja. Atate nawo anasamba. Anawoloka bwalo ndi kukatsegula chitseko cha amayi. Anaima pakhomo. Amayi aang'ono analowa m'kati.

Nelia anaika kamango pamsana. Ananong'ona.

"Pita kwa amayi. Chonde."

Kambewa anatsika pakhonde. Analowa m'matope. Sanatitimire. Anayenda, anayenda. Sanaterereke. Anafika pachithaphwi. Nelia anadina batani pang'onopang'ono. Kambewa anakhota. Lamba sanavuke!

Nkhuku inamuona ndi kuthawa. Kambewa sanaicheukire. Anadutsa pamtondo. Anadutsa pansi pa chingwe choyanikira matewera. M'mbuyo mwake munatsala timizere tiwiri.

Anafika pakhonde la amayi. Khondelo linali ndi kachitunda. Kambewa anakagunda ndi mphuno. Anaima. Timota tinalira. Nelia anadina ndi zala zonse ziwiri. Mano anagwira. Mphuno inadzuka. Kambewa anakwera!

Analowa m'nyumba. Nelia sankamuonanso. Atate ankamulozera ndi dzanja. Kumanja. Patsogolo. Patsogolobe. Basi, ima.

Atate nawo analowa. Pakhomo panalibenso munthu. Kunali zii.

Nelia anadikira. Anadikira. Mwina amayi ali mtulo. Mwina akwiya ndi matope pasimenti. Mwina sakufuna kamango. Nelia anafinya rimoti m'manja.

Kenaka dzanja la atate linatulukira pakhomo. Linakodola. Nelia anadina batani lobwerera. Kambewa anatuluka chafutambuyo. Anatsika kachitunda. Anawoloka matope. Anafika pamapazi a Nelia.

Kamango munalibe. M'kachitini munali kansalu kopindidwa bwino. Nelia anakatambasula. Linali duku la amayi, lamaluwa ofiira. Nelia analiika kumaso. Linkanunkhira mafuta amene amayi amadzola. Linali lofundabe.

"Nelia."

Nelia anadzutsa mutu. Amayi anali pakhomo. Anali atayenda kuchokera pabedi mpaka pakhomo. Dzanja lina linagwira pamimba. Dzanja lina linagwira phewa la atate. Nkhope inaonetsa kuti akumva kuwawa. Koma ankamwetulira.

Nelia anafuna kuthamanga. Phazi linafika m'mphepete mwa khonde. Anakumbukira chifuwa. Anaima.

Amayi anathokoza chifukwa cha kamango. Ananena kuti khanda lilibe mano, choncho adya iwo. Likamayamwa, nalonso lilawa. Ananena kuti duku alimange m'khosi, mphepo isamulowe.

"Atate ako andiuza," anatero amayi. "Ine kukuiwala iwe? Ndimagona ndikumvetsera chifuwa chako. Ukatsokomola kuno, ine kumandipweteka. Ndakusowa kwambiri, mwana wanga woyamba."

Nelia analiranso. Koma kulira kumeneku kunali kwina. Mtima unapepuka.

"Inenso ndakusowani, amayi."

Amayi aang'ono anatuluka ndi khanda m'manja. Analitembenuza kuti liyang'ane kutsidya. Kanali kamwana kakang'ono, kofiira, kotsinzina. Nelia anaimika dzanja. Amayi aang'ono anagwira kadzanja ka khanda ndi kukagwedeza.

"Taona," amayi anauza khandalo. "Uyo ndi mlongo wako. Ndi wamakani. Udzamukonda."

Kuyambira tsiku limenelo, Kambewa sanapume. M'mawa ankapita ndi duwa. Ankabwera ndi mtedza. Masana ankapita ndi kamango. Ankabwera ndi kasokosi ka khanda, koti Nelia aone kuchepa kwake. Nelia anayamba kudya. Anayamba kuseka. Chifuwa chinachepa, chinachepa, mpaka chinatha.

Tsiku limene chifuwa chinatha, Nelia sanatume Kambewa. Anawoloka yekha, ndi miyendo yake. Anapukuta mapazi pakhomo. Analowa.

Amayi anasendera pabedi. Mbali ina kunali khanda. Mbali ina kunali malo. Nelia anakwera mosamala, kuti asagunde bala. Anaika mutu paphewa la amayi. Amayi anamukumbatira ndi dzanja limodzi, ndipo sanamusiye msanga.